Kamphasa ka Kutsogolo kwa Bwato la a Zuze

Loweruka lapitali tinaika mwala pa manda a alamu anga a Zuze. Chaka chakwana chitisiyireni. Ana awo anabwera ndi galimoto kuchokera kumtunda, atavala nsapato zosadziwa matope, ndipo pamwalapo analembapo Chingerezi chimene mwini mandawo sangachiwerenge ngakhale atadzuka lero. Abusa analalikira kuti malemuwo anali munthu wofatsa, wosadziwa kusamula dzanja. Ine ndinatsokomola mpaka mkazi wanga anandigunda ndi chigongono. Wofatsa? Nanga nkhafi ija inafika bwanji pamsana panga kawiri konse? Inauluka yokha?

Ndine Jofesi, amene ndinakwatira Malita, mlongo wawo wamng'ono wa a Zuze. Sukulu ndinalekezera sitandade 3, pamene ine ndi ndodo ya aphunzitsi tinalephera kumvana. Choncho mukapeza mawu ena atapendama muno musadabwe, wolembanso ngwopendama. Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi. Atatha mapemphero, mwana wawo wamkazi posesa m'nyumba ya malemu anatulutsa kamphasa kakale, kothothoka m'mbali, kosakwana ngakhale khanda kugonapo, n'kufuna kukaponya pamoto. Ndinamulanda. Iye anati, "Amalume, kali ndi ntchito yanji kameneka?" Ndipo ine, amene pakamwa panga sipanaumepo chibadwire, ndinasowa choyankha. Ndikuyankha tsopano.

A Zuze anali woolotsa anthu pa dooko lathu kuno kwa Mbenje. Anabwera ali kumsana kwa amayi awo kuchokera ku Mozambiki, pothawa chibalo, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo anakulira m'madzi ngati mlamba. Anali wamtali, woonda, wa mapazi otambalala amene nsapato inawalephera. Akakwiya ankalankhula Chisena, akasangalala Chimang'anja, ndipo mvuu ankazitukwana m'Chipwitikizi, ati nyama yamwano imamva chinenero cha atsamunda basi. Bwato lawo, limene kuno timati mwadiya, linali la mtengo wa mtondo. Linanyamula amayi opita ku madimba, asodzi, mbuzi, njinga, odwala, akwati, ndi mitembo yomwe. M'zaka zonsezo silinagubuduzike ngakhale kamodzi.

Anthu ankati ali ndi mankhwala. Ine amene ndinkawadyera nsomba zawo ndikukuuzani kuti mankhwalawo anali chikho. Iwo ankati bwato kawirikawiri siligubuduzidwa ndi mvuu kapena mphepo, koma ndi munthu wamantha amene waimirira pakati pa mtsinje. Opalasa ena akaona munthu wotero amamukalipira, ena amamuopseza ndi nkhafi, ndipo munthu wokalipiridwa ndiye amavina kwambiri. A Zuze ayi. Ankamufunsa dzina, ankamufunsa kwawo, kenako n'kumupatsira chikho, amvekere, "Tandithandizani kukapa madziwa, bwato langa lakalamba." Tsono munthu sangakape madzi ali chiimire. Ayenera kukhala pansi, kuwerama, maso n'kuchoka pa mafunde. Pofika tsidya linalo amatsika akudzitama kuti wapulumutsa anthu. Ndinawaona ndi maso angawa, m'mawa uliwonse, akuthira dala madzi m'bwato louma, kuti wamantha wa tsikulo adzapeze ntchito. Madzi amenewo muwakumbukire.

Ntchito yawo yachiwiri inalibe dzina. Masana, dzuwa lathu lino likafika posungunula mutu, anthu ooloka ankatha. Pamenepo ndipo pankabwera ena, ofuna kukwera koma opanda kopita. Munthu wosagona tulo, munthu amene mowa wamukwatira, mayi amene wasiya kulankhula chifere mwana. A Zuze ankawatengera pa dziwe lina lodikha, kuseri kwa bango, n'kuika nkhafi pamiyendo. Ine nthawi zina ankanditenga, ati kuti bwato lilemere pakati, ati imeneyo ndiyo ntchito yokha imene Mulungu anandilengera.

Funso lawo loyamba linali limodzi. Ankaloza pachifuwa pa munthuyo n'kufunsa kuti, "Muli angati m'menemo?"

Ambiri ankaseka, ena ankakwiya. Koma iwo ankanena kuti munthu ali ngati bwato la tsiku la msika, muli anthu ambiri. Muli wolusa, muli wamantha, muli wonyada amene amakwera atavala tayi, muli kamwana kamene kanasiyidwa penapake kale ndipo mpaka lero kakulirabe. Ankati palibe mmodzi mwa amenewa amene anakwera kuti amize bwato. Aliyense akuyesa kulipulumutsa, kungoti ena amapulumutsa moipa. Ukamuponya m'madzi wina wa iwo, amasambira n'kubwerera, ndipo pokwera ndi pamene amapendeketsa bwato lonse. Chofunika n'kumufunsa dzina, kumufunsa chimene akulondera, kumuthokoza, kenako n'kumupeza pokhala. Koma nkhafi, ankati, isachoke m'manja mwa mwini bwato.

Ndikumbukira mayi wina wogulitsa nsomba za makakana, amene ankamenya ana ake mpaka oyandikana nawo kutopa ndi kuleretsa, pambuyo pake n'kumalira iye kuposa anawo. Nkhani yake ankaifotokoza yekha pa msika, choncho sindikuulula chinsinsi. A Zuze sanamufunse chifukwa chimene amamenyera ana. Anamufunsa kuti, "Womenyayo ali ndi zaka zingati?" Mayi uja anati, "Zisanu ndi zitatu." Zinadziwika kuti pa msinkhu umenewo anapatsidwa mchimwene wake wamng'ono kuti amuyang'anire pa gombe, iye n'kutanganidwa ndi masewera, ng'ona n'kumutenga mwanayo. A Zuze anati, "Ndiye kuti kamtsikana kameneko kaima pa gombe zaka zonsezi, osakhala pansi. Kauzeni kuti takaona. Kauzeni kuti akulu afika." Mayi uja analira mpaka mbalame zinathawa m'bango. Sindikunena kuti anasanduka mngelo, pakamwa pake panakhalabe ngati tsabola. Koma ndodo anaisiya.

Ntchito imeneyi inawadanitsa ndi anthu awiri amene nawonso sankaonana. Katekisiti wa pa tchalitchi chathu ankati zimene a Zuze akuzitcha apaulendo ndi ziwanda, ndipo chiwanda suchifunsa dzina la kwawo, umachitulutsa. Sing'anga wa kuseri kwa njanji ankati ndi mizimu, imafuna ng'oma ndi nkhuku yoyera. A Zuze ankawayankha onse mofanana, kuti si ziwanda, si mizimu, ndi munthu yemweyo pa misinkhu yake yosiyana. Tsiku lina katekisiti uja, ataoloka nawo, anawalalikira kuyambira tsidya lino mpaka pakati pa mtsinje. Mvuu itatulutsa mutu chapafupi, mtumiki wa Mulungu anaimirira n'kuitana amayi ake amene anamwalira kalekale. A Zuze anangomupatsira chikho. Titafika pamtunda anamuuza chapansipansi kuti, "Amene anaitana amayi uja musakamutulutse, aphunzitsi. Ndi mwana wabwino." Katekisiti sanawapatse moni miyezi itatu.

Tsono kamphasa. Kankakhala kutsogolo kwenikweni kwa bwato, koyalidwa bwino, ndipo palibe amene ankaloledwa kukhalapo. Bwato lidzaze chotani, mayi woyembekezera akhale pa thumba la mapira, mfumu ikhale pa njinga, koma kamphasa ayi. Madzulo ankakakung'untha n'kulowa nako m'nyumba. Tsiku lina pa anthu ndinati, "Alamu anga ali ndi chibwenzi kutsidya, akuchisungira malo. Koma n'chochepa thupi, onani kamphasa kake." Nkhafi inandipeza pakati pa mapewa ndisanatseke pakamwa. Kumeneko kunali kumenyedwa koyamba. Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Koma ndinkadziwa bwino lomwe mwini wake wa kamphasako.

Kuti mumvetse, ndiyenera kukuuzani za Lenadi.

Achinyamata a lero simudziwa zaka za makhadi. Kunali chipani chimodzi, ndipo khadi lake linali ngati mpweya. Popanda khadi sulowa mumsika, sukwera basi, sutunga madzi pa mjigo. Oona makhadiwo anali anyamata a malaya ofiira, ana athu omwe, amene tinawaona akukwawa. Kuno kwathu mkulu wawo anali Lenadi, mnyamata wa chifuwa chotambalala, wosaseka. Akamadutsa, ngakhale agalu ankaonetsa ulemu.

Patapita zaka zitatu chichitikireni zimene ndikuuzeni posachedwa, Lenadi anavula malaya aja popanda womuuza. Anaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Mkazi wake anabwerera kwa makolo ake. Ankati akumva mwana akulira, m'nyumba, kumunda, ngakhale m'tchalitchi. Kenako anayamba kupita tsiku ndi tsiku pa gombe lakumunsi, pamene ng'ona zimaothera dzuwa, n'kukhala pamenepo miyendo ili m'madzi. Aliyense ankadziwa chimene akudikira. Ndipo ndinene zoona, ambiri ankati musiyeni, ng'ona nazonso zili ndi ana oti zidyetse. Mawu amenewo ndikuganiza kuti ndinayambitsa ndine.

Amayi ake a Lenadi anabwera kudzagwada pakhomo pa a Zuze. A Zuze analavula malovu pansi n'kuyankha m'Chisena kuti, "Nkhabe." Ayi. Masiku awiri sanadye, sanalankhule ndi munthu. Tsiku lachitatu anandipeza ndili pamthunzi, n'kunena kuti, "Mlamu, dzuka, tikukamutenga." Ndinawafunsa chimene chasintha. Iwo anati, "Muli wina mwa ine amene akufuna kumuona akudyedwa. Ndinayenera kuyamba ndamva mlandu wake."

Unali mwezi wa Okutobala, masana, mtsinje ukuwala ngati lata. Lenadi anakwera popanda kutsutsa, ngati mbuzi yopita kumsika. Anakhala kumbuyo kwa kamphasa, ine pakati, a Zuze kumbuyo ndi nkhafi. Titafika pozama, pamene madzi amazungulira, Lenadi anaimirira. Bwato linapendekeka, madzi n'kulowa m'mbali. Ine ndinamugwira mwendo ndi manja awiri. Pamenepo ndi pamene nkhafi inandipeza kachiwiri.

"Musiye, mlamu. Ukamugwira alimbana nawe, tonse tipita."

Ndinamusiya. A Zuze analankhula ngati akufunsa za mvula.

"Waimirirayu ndani?"

"Ndine, baba Zuze."

"Ndiwe uti? Amene anatentha nyumba, kapena amene akufuna kumupha wotentha nyumbayo?"

Lenadi anayang'ana madzi.

"Wofuna kumupha," iye anatero.

"Chabwino. Ameneyo ndiye ndabwerera. Bambo oweruza, mwaswera bwanji? Ndikuona simunagone zaka zitatu. Tandiuzani, mukamuponya m'madzimo munthu wanuyu, chikonzeke n'chiyani?"

"Sadzachitanso."

"Ndiye kuti inu mukulondera mudzi. Mukuopa kuti malaya aja angawavalenso."

Lenadi anagwedeza mutu kuvomera.

"Takhuta. Tathokoza. Palibe amene anakuthokozanipo, si choncho? Ntchito yanu ndi yabwino, koma njira yanu ndi ya munthu wotopa. Mlanduwu simunaumve mbali zonse. Khalani pansi, mukape madzi mwalowetsawa, tiitane winayo."

Anamupatsira chikho. Ndinawerenga kupuma kwanga kasanu ndi kawiri. Kenako Lenadi anapinda maondo, n'kulandira chikho chija, n'kuyamba kukapa.

A Zuze anafunsa za wa malaya ofiira uja, kuti anakwera liti m'bwato la Lenadi. Maso ali pa chikho, Lenadi anafotokoza kuti ali wamng'ono anaona bambo ake akumenyedwa ndi kapitawo pa msika wa thonje, atagona pa fumbi, anthu akuseka. Anati kumenyako sikunamupweteke kwambiri ngati kusekako. Tsiku limenelo wina mwa iye analumbira kuti pa moyo wake wonse adzakhala woimirira ndi ndodo, osati wogona pansi.

"Ndiye kuti ngakhale ameneyo anali mlonda," anatero a Zuze. "Ankalondera kamnyamata ka pa msika wa thonje. Koma unamupatsa nkhafi, ndipo taona kumene anakufikitsa."

Pamenepo Lenadi anaponya chikho pansi. Nkhope yake yakale ija inabwerera, mpaka ine ndinafuna khadi m'thumba.

"Mukulankhula bwino chifukwa manja anu ngoyera," iye anatero. "Nanga kamphasaka n'ka yani?"

Nkhafi inaima. Bwato linayamba kutsetsereka lokha ndi madzi.

"N'ka Esinati," anatero a Zuze. "Ukudziwa. Unalipo."

Esinati anali mayi wa m'mudzi mwathu momwemo, wa mpingo wina umene unkakana kugula makhadi. Mwamuna wake anali atatengedwa kale. Zaka zitatu m'mbuyomo, tsiku lina m'mawa a malaya ofiira anatentha nyumba yake, ndipo masana anafika pa dooko akuthamanga, mwana ali kumsana, kamtolo kali pamutu. Abale ake anali kutsidya, ku Mozambiki. Linali tsiku la msika, pa dooko panali anthu ambiri. Lenadi ndi anzake anayi anali atafika kale, atakhala pansi pa mtengo. Esinati anati, "Baba Zuze, ndiolotseni." Lenadi sanadzuke n'komwe. Anangogogoda ndodo pansi n'kunena kuti bwato limene liolotse wopanda khadi, mwini wake aoloke nalo osadzabweranso, ndipo ana ake adzaone chimene yaona nyumba ija.

A Zuze anali ndi ana asanu ndi awiri. Anayang'ana Esinati, anayang'ana ndodo, kenako anayang'ana m'bwato. Munali madzi aja, amene anathira okha m'mawa kusungira wamantha. Analoza n'kunena kuti, "Bwato likudontha, mayi. Onani nokha madziwa."

Esinati anayang'ana madziwo. Iye anali ataoloka ndi bwato limenelo kuyambira ali mtsikana, ndipo madzi amenewo ankawadziwa. Sanatsutse. Anamanga bwino nsalu ya mwana, n'kulowera kumunsi motsata bango, kumene anthu ena amayesa kuoloka pansi nthawi ya chilimwe. Abale ake kutsidya anati sanafike. Patapita masiku anayi msodzi wina anapeza mpango wake utakodwa m'bango. Basi. Palibe manda, palibe amene analira mokweza, poti kulira nako kunkafuna khadi.

"Iwe unatentha nyumba," anatero a Zuze kwa Lenadi. "Ine ndinali ndi bwato. Unena kuti woyera manja ndani?"

"Nanga mumagona bwanji?"

"Moipa. Zaka ziwiri ndinkamuthamangitsa wamantha wangayo. Ndinkamutukwana m'zinenero zonse zitatu. Ndikamuponya m'madzi m'mawa, madzulo ndimupeza wakhala pa nkhafi. Tsiku lina ndinatopa, ndinamufunsa chimene ankalondera. Ananditchulira mayina a ana anga, mmodzimmodzi, mpaka wakhanda. Ndinalephera kumuda. Anapulumutsa asanu ndi awiri, anataya awiri. Zonsezo n'zoona, ndipo chimodzi sichifafaniza chinzake."

"Ndiye munamukhululukira?"

"Kukhululuka si kwanga. Mwini wake ali m'bangomo. Ine ndinangomulanda nkhafi. Amakhala pakati, amakapa madzi, akaona zoopsa amandiuza ndipo ndimamumvera. Koma kopita bwato sanenanso ndi iye. Ndipo Esinati ndimamuolotsa tsiku lililonse, iye ndi mwana wake, maulendo onse. Sizimubweza. Koma malo ake sindidzawaperekanso kwa wina."

Lenadi anatola chikho chija. M'bwato munalibenso madzi, koma ankakapabe, chikho chikukwecha mtengo wouma.

"Mwana uja akulirabe," iye anatero.

"Alira. Usamutontholetse ndi ng'ona. Mawa ubwere nthawi yomweyino, tidzamumvere limodzi."

Anabwera. Anabweranso mkuja, mpaka mvula inagwa. Masiku ena ankabwerera kumunsi kuja, a Zuze n'kupita kukakhala naye pamenepo, osamukoka, miyendo yawo nayonso ili m'madzi, mpaka Lenadi achite manyazi kudyetsa nkhalamba kwa ng'ona. Mkazi wake sanabwerere. Anthu ena sanamulankhulenso mpaka kufa kwawo, ndipo a Zuze ankati ndi ufulu wawo. Koma Lenadi anakhala moyo. Anaphunzira kupalasa, n'kusema bwato lakelake.

Nkhondo itakula ku Mozambiki, anthu anayamba kutulukira m'bango la kutsidya, maliseche, ana ali kumsana, opanda khadi la dziko lililonse. Mabwato awiri amene ankaolotsa osafunsa dzina anali la a Zuze ndi la Lenadi. Kunabwera akuluakulu ena kudzanena kuti ayambe adikira chilolezo. Ndinawafunsa alamu anga ngati sakuopa. Iwo anati, "Ndikuopa kwambiri. Wamantha wanga waimirira kale, ndamupatsa chikho." Ngakhale masiku amenewo, anthu atapanikizana mpaka m'mbali mwa bwato kupsompsona madzi, pa kamphasa sipanakhale munthu.

Tsopano kwatsala kanthu kamodzi, ndipo ndakazungulira ngati galu pofuna kugona.

Tsiku lokamutenga Lenadi lija, ine ndinkaganiza kuti anditengera mphamvu, kapena kulemera kwanga kuja. Zinanditengera zaka kuzindikira kuti a Zuze anaika m'bwato limodzi anthu onse atatu a mlandu umodzi. Awiri analankhula. Wachitatu anakhala pakati, kukamwa kuli tseke, koyamba m'moyo wake.

Pamene a Zuze anati bwato likudontha, pa dooko panagwa chete woopsa. Amayi ena anayamba kung'ung'udza. Bambo wina wa njinga anasuntha phazi ngati akufuna kunena kanthu. Ndikukhulupirira kuti chete uja akanapitirira pang'ono, manyazi akanagwira anthu, ndipo wina akanakankha bwato. Koma ine chete ndimamuopa kuposa ng'ona. Ndinaona Lenadi akuyang'ana nkhope imodziimodzi, maso ake akubwera kwa ine, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati, "Mayi, poti inu khadi lanu ndi lakumwamba, kazionetsani kwa ng'ona, zikupatsani njira."

Anthu anaseka. A malaya ofiira anaseka mpaka kugwira m'mimba. Bambo wa njinga uja anasekanso, phazi lake n'kubwerera m'malo. Esinati sanayang'ane Lenadi, sanayang'ane a Zuze. Anayang'ana ine. Kenako anamanga nsalu ija n'kupita kumene ndinamutuma.

A Zuze sananditchulirepo zimenezi ngakhale kamodzi. Kungoti chaka ndi chaka, tikakhala awiri, ankati, "Mlamu, tikwere liti?" Ine ndinkati ndilibe apaulendo, m'kati mwanga ndili ndekha ngati mbatata. Atadwala komaliza ndinapita kukawaona. Anali atagona pakhonde, atatsala mafupa ndi mapazi aja. Ndinawauza kuti asafe msanga, mitengo ya bokosi lotalika chotero sinakule. Anamwetulira, kenako anandigwira dzanja.

"Woseketsa wakoyo wapalasa zaka zambiri," iwo anatero. "Manja ake atupa. Sindikuti umutaye, watisangalatsa tonse. Ungomufunsa amene akumubisa kumbuyo kwake."

Ndinati kumbuyo kwake kuli msana, umene munauthyola ndi nkhafi. Anatseka maso. Anamwalira patapita masiku atatu, ine ndisanakwere.

Pa dooko lathu tsopano pali boti la injini, la mnyamata amene amaolotsa anthu wailesi ikulira. Wamantha akaimirira amamutukwanira amayi ake. Bwato la a Zuze lili pamtunda, pansi pa mtengo womwe uja, long'ambika mbali imodzi, ndipo nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Loweruka pa manda Lenadi anabwera, mutu uli mbuu, akutsimphina. Sanadye, sanalankhule ndi ana a kumtunda aja. Anangondiona nditapanira kamphasa m'khwapa, n'kunena kuti, "Mawa masana, a Jofesi."

Tinapita. Tinapirikitsa nkhuku, tinasesa zitosi, n'kuyala kamphasa kutsogolo. Lenadi anakhala pa malo ake akale, ine pa anga apakati. Kumbuyo sitinakhaleko. Kumeneko mtengo wa bwato unadyeka n'kukhala timaenje tiwiri tosalala, pamene zidendene za a Zuze zinkaponda zaka zonsezo, ndipo m'mbali muli pokhulika pamene nkhafi inkakhudza. Mvula ya chizimalupsa inali itasiya timadzi m'timaenje timeneto, ndipo tinkaonekamo masamba a mtengo ndi kachidutswa ka thambo. Mtsinje unkadutsa chapatali, osatifuna. Kumunsi bango linkagwedezeka popanda mphepo imene ine ndinaimva.

Lenadi anatulutsa chikho m'thumba la jekete, n'kuchiika pakati pathu. Sanayese kutengera mawu a malemu, anangofunsa ndi mawu ake osasa.

"Muli angati m'menemo, a Jofesi?"

Nthabwala zitatu zinafika pamilomo nthawi imodzi, zonse zabwino. Ndinayang'ana kumbuyo, kopanda munthu. Ndinayang'ana kutsogolo, kopanda munthu. Kenako ndinatola chikho chija, ndinawerama, n'kuyamba kukapa bwato louma.